Ndege yolunjika kuchokera ku Ulaya kudzafika ku nyanja ya Malawi: zofunika kudziwa ndi gawo la boma la Ntcheu

Mlendo wochokera ku London kapena ku Amsterdam yemwe akufuna kudzapuma m'mbali mwa nyanja ya Malawi sangakwere ndege imodzi n'kudzatsikira m'dziko muno. Amayenera kutsika kaye ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, kudikira kumeneko kwa maola angapo, kenaka n'kukwera ndege ina yodzatera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Akatsika apo amakhala atatsalabe ndi ulendo wa pagalimoto wa maola osachepera atatu kuti akafike ku magombe a ku Mangochi.

Nkhani yoti dziko lino likhale ndi ndege yolunjika ku Ulaya imabwera kawirikawiri pamisonkhano ya zokopa alendo ndi ya zamalonda, ndipo maboma osiyanasiyana akhala akutchulapo ganizo lomanga bwalo la ndege lalikulu ku Mangochi. Nkhaniyi ikufotokoza momwe ulendo wotere umakonzedwera, zomwe zidachitikapo kale m'dziko muno, komanso chifukwa chomwe boma la Ntcheu, lomwe lilibe bwalo la ndege zonyamula anthu, likukhudzidwira.

Tanthauzo la ulendo wolunjika

Pantchito za ndege pali kusiyana pakati pa ulendo wosaima panjira ndi ulendo wolunjika. Ulendo wosaima panjira ndi womwe ndege imanyamuka pa bwalo lina n'kukatera pa bwalo lomwe ikupita popanda kutera pena paliponse. Ulendo wolunjika ndi womwe uli ndi nambala imodzi kuyambira konyamukira mpaka kofikira, koma ndegeyo ikhoza kutera panjira kukathira mafuta kapena kukatsitsa ndi kukweza anthu ena. Maulendo omwe dziko la Malawi lidakhalapo nawo opita ku Ulaya ambiri adali a mtundu wachiwiriwu.

Palinso kusiyana pakati pa ndege zoyenda pandondomeko yokhazikika, zomwe aliyense amagula tikiti payekha, ndi ndege zahayala, zomwe kampani yokonza maulendo a alendo imagula mipando yonse kapena yambiri n'kuigulitsa pamodzi ndi malo ogona ndi chakudya. Malo ambiri opumulirako padziko lapansi adayamba kulandira alendo kudzera m'ndege zahayala.

Chitsanzo cha ku nyanja ya Mediterranean

Malonda onyamula anthu pandege kuchokera ku mizinda yozizira ya kumpoto kwa Ulaya kupita nawo ku magombe otentha adakula kwambiri m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. M'chaka cha 1950, kampani ya Horizon Holidays ya Vladimir Raitz idanyamula gulu loyamba la alendo kuchokera ku London kupita nawo ku Calvi pachilumba cha Corsica, pamtengo umodzi wophatikiza ndege, pogona ndi chakudya. M'zaka zotsatira malo monga Mallorca, Málaga ndi Alicante ku Spain, zilumba za ku Greece, komanso Antalya ku Turkey adalumikizidwa ndi mizinda monga London, Stockholm, Oslo, Copenhagen ndi Helsinki.

Zinthu zitatu zidathandiza kuti malondawa akule. Choyamba ndi kufupika kwa mtunda. Kuchokera ku London kukafika ku Palma de Mallorca ndi makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ngakhale kuchokera ku Helsinki kukafika ku Málaga sikukwana makilomita 3,500, kotero kuti ndege zocheperapo monga Boeing 737 ndi Airbus A320 zimapita ndi kubwerako tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa apaulendo ndi malo ogona. Bwalo la ndege la Palma lokha lidalandira anthu oposa 30 miliyoni m'chaka cha 2023. Chachitatu ndi malamulo. Pakati pa 1993 ndi 1997 maiko a mu mgwirizano wa European Union adatsegulirana msika wa ndege, kotero kuti kampani yolembetsedwa m'dziko limodzi la mu mgwirizanowu imatha kutsegula ulendo pakati pa mabwalo awiri aliwonse a m'maikowo popanda kudikira kuti maboma akambirane.

Pa zinthu zitatuzi dziko la Malawi lili posiyana kwambiri, ndipo m'pofunika kuti okonza mapulani azindikire kusiyanaku asanatengere chitsanzo cha kumeneko.

Zomwe zidachitikapo m'dziko muno

Nyanja ya Malawi idalumikizidwapo ndi dziko la Britain pandege. Kuyambira chakumapeto kwa chaka cha 1949, ndege zotera pamadzi za mtundu wa Short Solent za kampani ya BOAC zinkatera ku Cape Maclear paulendo wochokera ku Southampton kupita ku South Africa. Ulendowu unkatenga masiku angapo, ndipo ndegezo zinkaima ku Sicily, ku Egypt, ku Sudan ndi ku Uganda. Ntchitoyi idangotha chaka chimodzi, chifukwa mu Novembala 1950 kampaniyo idasiya kugwiritsa ntchito ndege zotera pamadzi n'kuyamba kudalira zotera pamtunda. Hotelo yomwe idamangidwa ku Cape Maclear nthawi imeneyo idatsekedwa pasadapite nthawi yaitali. Msewu wofika kumeneko udali wovuta, ndipo ndege zitasiya kubwera alendo nawo adachepa.

Kampani ya Air Malawi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, ndipo idayamba kuima payokha mu 1967. Mu Disembala 1974 idayamba ulendo wochokera ku Blantyre kupita ku bwalo la Gatwick ku London pogwiritsa ntchito ndege ya mtundu wa Vickers VC10 yomwe idagula ku kampani ya British Caledonian. Ndegeyi idapangidwa kuti izitha kunyamuka pamabwalo afupiafupi a kumalo okwera ndi otentha, n'chifukwa chake idakwanira pa Chileka. Koma inkadya mafuta ambiri, ndipo mitengo ya mafuta itakwera m'zaka za m'ma 1970, ulendowu udaimitsidwa mu 1979. Ndegeyo idakhala itaima pa Chileka kwa zaka zambiri mpaka pomwe idaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1990.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, boma lidamanga bwalo la Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, lomwe lidatsegulidwa mu 1983. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 makampani monga British Airways ndi KLM ankatera pabwaloli kuchokera ku London ndi ku Amsterdam. Pambuyo pake makampaniwa adasiya, ndipo apaulendo adayamba kudalira mabwalo akuluakulu a Nairobi, Addis Ababa ndi Johannesburg.

Air Malawi idatsekedwa chifukwa cha ngongole ndipo idaleka kuuluka mu 2013. M'malo mwake mudabwera kampani ya Malawian Airlines, yomwe idayamba maulendo mu Januwale 2014, boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse ndipo Ethiopian Airlines ili ndi magawo 49. Kampaniyi, yomwe pambuyo pake idayamba kudziwika kuti Malawi Airlines, idakhazikika pamaulendo a m'chigawo chino cha Africa pogwiritsa ntchito ndege za Boeing 737 ndi Bombardier Q400.

Mbiriyi ikusonyeza kuti kutsegula ulendo n'kotheka, koma chovuta ndi kuusunga. Maulendo onsewa adatha pomwe mwini ndege adaona kuti ndalama zomwe akulowetsa zikuposa zomwe akupeza, kapena kuti ndege yomweyo ikhoza kupindula kwambiri panjira ina.

Mgwirizano wa pakati pa maiko

Malamulo a maulendo a ndege a pakati pa maiko adachokera mu pangano la ku Chicago la m'chaka cha 1944, lomwe lidakhazikitsa bungwe la International Civil Aviation Organization, ICAO. Dziko la Malawi lidalowa m'bungweli litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964. Panganoli limanena kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro pamlengalenga wake, choncho ndege yamalonda singatere m'dziko la eni kukatsitsa kapena kukweza anthu popanda chilolezo.

Chilolezochi chimachokera mu mgwirizano wa maiko awiri wa maulendo a ndege. Mu mgwirizano wotere maboma amagwirizana za makampani omwe aloledwe kuuluka, mabwalo omwe azitera, kuchuluka kwa maulendo pasabata, za misonkho ya mafuta ndi zipangizo, komanso ufulu wa kampani wotumiza kwawo ndalama zomwe yapeza. M'dziko muno zokambiranazi zimatsogoleredwa ndi unduna wa zamtengatenga mothandizana ndi unduna woona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena komanso unduna wa zamalamulo.

Mfundo yomwe imakhala yofunika kwambiri kwa dziko la msika waung'ono ngati lino ndi yomwe akatswiri amaitcha ufulu wachisanu, womwe umalola kampani ya dziko lina kunyamula anthu pakati pa maiko awiri omwe si kwawo. Mwa chitsanzo, kampani ya ku Ulaya ikhoza kufuna kuti ndege yake itere ku Lilongwe kenaka ku Lusaka, n'kumagulitsanso matikiti a pakati pa mizinda iwiriyi. Kulola zimenezi kumakopa kampaniyo, koma kumachepetsa malonda a kampani ya m'dziko muno panjira yomweyo, ndipo boma limayenera kuyeza mbali zonse ziwiri. Maiko a mu Africa adagwirizana zotsegulirana misika ya ndege mu chigamulo cha ku Yamoussoukro cha 1999, ndipo mu Januwale 2018 bungwe la African Union lidakhazikitsa ndondomeko ya msika umodzi wa ndege, koma izi zimakhudza makampani a mu Africa muno, osati a ku Ulaya.

Chitetezo ndi bwalo la ndege

Mgwirizano ukasainidwa, kampani imatumiza akatswiri ake kudzayendera bwalo. Amaona kutalika ndi kulimba kwa msewu womwe ndege imathamangapo, magetsi ndi zipangizo zothandiza kutera usiku kapena kukakhala mitambo, mpanda wa bwalo, makina ounikira katundu, ndi galimoto zozimitsa moto. Bungwe la ICAO lidagawa mabwalo m'magulu 10 potengera mphamvu zozimitsira moto, ndipo ndege zikuluzikulu monga Boeing 787 ndi Airbus A330 zimafuna bwalo la m'gulu la 8 kapena 9.

Bwalo la Kamuzu lili ndi msewu wa ndege wotalika mamita pafupifupi 3,500, ndipo ndege zazikulu monga Boeing 747 zakhala zikuterapo. Nyumba zake zolandirira apaulendo zidakulitsidwa ndi thandizo la boma la Japan, ntchito yomwe idatha mu 2019. Msewu waukulu wa bwalo la ku Chileka ndi wa mamita pafupifupi 2,300. Kufunika kwa zipangizo zachitetezo kudaoneka mu Januwale 2019, pomwe kampani ya South African Airways idaimitsa kwa kanthawi maulendo ake a ku Blantyre kutsatira kafukufuku yemwe adapeza zofooka pa mpanda wa bwalo ndi pa galimoto zothandiza pangozi. M'chaka chomwecho msewu wa ndege wa bwaloli udakonzedwanso.

Lamulo la zandege la 2017 lidapereka mphamvu yokhazikitsa bungwe la Malawi Civil Aviation Authority kuti ntchito yoyang'anira chitetezo ikhale m'manja mwa bungwe loima palokha, monga ICAO imalimbikitsira. Izi n'zofunikanso ngati ndege yopita ku Ulaya ingakhale ya kampani ya m'dziko muno, chifukwa maiko a European Union ndi Britain amapereka chilolezo pokhapokha akakhutira ndi kampaniyo komanso ndi bungwe lomwe limaiyang'anira kwawo.

Mtunda ndi mtundu wa ndege

Kuchokera ku London kudzafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 8,000, womwe ndi ulendo wa maola pafupifupi 10. Ndege ya Boeing 737 singakwanitse mtundawu popanda kuima. Pamafunika ndege yaikulu yonyamula anthu 250 kapena kuposerapo, yomwe mtengo wake wogulira, wobwerekera ndi wosamalira ndi wokwera kwambiri. Kampani siingadalire ndege imodzi yokha, chifukwa ikapita kokonzedwa ulendo wonse umaima.

Bwalo la Kamuzu lili pamalo okwera mamita oposa 1,200 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Pamalo okwera chotere mpweya umakhala wopepuka, makamaka masana a miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndipo ndege yodzaza mafuta a ulendo wautali imafuna msewu wautali kuti inyamuke, apo ayi imayenera kuchepetsa katundu. Nkhaniyi imakhudzanso ndege zatsopano monga Airbus A321XLR, yomwe idayamba ntchito mu 2024. Ndegeyi ndi yocheperapo ndipo imafika kutali, zomwe zimapereka chiyembekezo kwa misika ing'onoing'ono, koma mtunda wa pakati pa Malawi ndi kumpoto kwa Ulaya uli pafupi ndi malire a mphamvu zake.

Apaulendo ndi malo ogona

Funso lalikulu lomwe kampani imafunsa ndi lakuti ndani adzakwere. Makampani a ndege padziko lapansi amadzaza mipando yoposa 80 pa 100 iliyonse akaphatikiza maulendo awo a pachaka, ndipo ulendo womwe ukulephera kufika pafupi ndi pamenepo sukhalitsa. Masamu ake ndi osavuta. Ndege ya mipando 250 yobwera kawiri pasabata, itadzaza mipando 80 pa 100 iliyonse, ikufunika anthu 400 pasabata, omwe ndi anthu 20,800 pachaka obwera, ndi enanso ochuluka chimodzimodzi obwerera. Ngati anthu 400 amenewa atakhala alendo odzagona masiku 7, awiriawiri m'chipinda, pakufunika zipinda 200 za mulingo womwe adalipira sabata iliyonse. Akakhala masiku 14 zipindazo zikhala 400.

Dziko la Malawi lidalandira alendo oposa 800,000 pachaka m'zaka za 2017 ndi 2018, koma ambiri mwa iwo adali ochokera m'maiko oyandikana nafe, olowa pamsewu kudzachita malonda kapena kudzaona abale. Chiwerengero chomwe kampani ya ndege imafuna ndi cha anthu ochokera mumzinda umodzi kapena dziko limodzi la ku Ulaya, mwezi ndi mwezi, ndi mtengo womwe adalipira. Pachifukwachi ntchito yosunga bwino ziwerengero ya nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ya National Statistical Office ndi ya nthambi ya zokopa alendo ndi gawo la ntchito yokopa makampani a ndege.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Nthawi yabwino yoyendera dziko lino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pomwe mvula yaleka ndipo nyama zimaoneka mosavuta ku Liwonde ndi ku Majete. Miyezi yomweyi ndi yomwe ku Ulaya kumakhala kotentha, magombe a Mediterranean ali pafupi ndiponso otsika mtengo. Pomwe anthu a kumpoto amathawa chisanu, kuyambira Disembala mpaka Malichi, kuno kumakhala kuli dzinja. Choncho nyanja ya Malawi singapikisane ndi Spain pa dzuwa ndi mchenga zokha. Mphamvu yake ili pa zomwe kwina kulibe, monga Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 kaamba ka mitundu yambiri ya nsomba za mbuna, kuphatikizapo nkhalango za nyama, mapiri ndi chikhalidwe cha anthu.

Alendo okaona malo okha sakwanira kudzaza ndege chaka chonse. Pamafunikanso anthu amalonda, ogwira ntchito m'mabungwe, a mipingo, ophunzira, Amalawi okhala kunja, ndi katundu wonyamulidwa kunsi kwa ndege. Ambiri mwa anthu amenewa amapita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, zomwe zimachititsa kuti kampani iyambe yaganizira za bwalo la Kamuzu isanaganizire za bwalo latsopano la kunyanja.

Nthawi yotera, mafuta ndi ndalama zakunja

Mabwalo otanganidwa a ku Ulaya monga Heathrow ndi Schiphol amagawa nthawi yotera ndi yonyamukira motsatira ndondomeko ya bungwe la International Air Transport Association, IATA. Chaka chimagawidwa m'nyengo ziwiri, yoyamba Lamulungu lomaliza la Malichi ndi yoyamba Lamulungu lomaliza la Okutobala, ndipo makampani amapempha nthawi zawo kudakali miyezi ingapo. Makampani okonza maulendo a alendo nawo amayamba kugulitsa pafupifupi chaka chathunthu ulendo usanachitike. Izi zikutanthauza kuti mgwirizano womwe wasainidwa lero sungabweretse ndege mwezi wamawa.

Mafuta ndi gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera ndege. Popeza dziko lino lilibe doko la panyanja yamchere, mafuta amadzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, zomwe zimakweza mtengo. Ndege yopita ku Ulaya imayenera kumwa mafuta ochuluka pabwalo pomwepo, ndipo kampani imafuna chitsimikizo chakuti adzapezeka ulendo uliwonse.

Chimodzimodzinso ndalama zakunja. Kampani ikagulitsa matikiti m'makwacha imafuna kusintha ndalamazo n'kuzitumiza kwawo. M'chaka cha 2022 kusowa kwa ndalama zakunja kudachititsa makampani ena a ndege kuimitsa kwa kanthawi kugulitsa matikiti kudzera mwa owaimira a m'dziko muno. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo ndalama zomwe zimakhala zikudikira kutumizidwa zimachepa mphamvu nthawi ngati zimenezi. Ndondomeko ya ziphaso zolowera m'dziko imaunikidwanso. Mu Febuluwale 2024 boma lidachotsa viza kwa nzika za maiko 79, kuphatikizapo Britain ndi Germany, ndi cholinga chokopa alendo. Ndondomeko zotere zimatha kusintha, ndipo ogulitsa maulendo amafuna kudziwitsidwa nthawi idakalipo.

Zomwe anzathu oyandikana nawo adakumana nazo

Vutoli si la Malawi yekha. British Airways idasiya ulendo wake wa London ndi Lusaka mu 2013, ngakhale msika wa Zambia ndi wokulirapo. M'malo mwake mudalowa makampani a ku Middle East, pomwe Emirates idayamba kutera ku Lusaka mu 2012 ndipo Qatar Airways mu 2021, onse pophatikiza Lusaka ndi Harare paulendo umodzi. Ku Zimbabwe bwalo la Victoria Falls lidakulitsidwa mu 2016, koma ndege ya Eurowings Discover yochokera ku Frankfurt idayamba kufikako mu 2022, podzera ku Windhoek. Zanzibar ndi Mombasa amalandira ndege zahayala zochokera ku Ulaya chifukwa ali ndi mahotela ambiri a m'mbali mwa nyanja okhoza kulandira ndege yodzaza sabata iliyonse.

Zitsanzozi zikuonetsa kuti njira yapafupi kwa dziko la msika waung'ono ndi kugawana ndege ndi mzinda wina woyandikana nawo, kapena kuyamba ndi ndege zahayala za nyengo imodzi, ndipo kuti bwalo latsopano limatha kudikira zaka zingapo lisadalandire ndege yomwe lidamangidwira.

Gawo la boma la Ntcheu

Boma la Ntcheu, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu 659,608, lili pakati pa mabwalo awiri akuluakulu a ndege, ndipo limachita malire ndi Mangochi chakum'mawa. Msewu wa M1 wolumikiza Lilongwe ndi Blantyre umadutsa m'bomali podzera ku Lizulu ndi ku Chingeni, komwe chipata choyamba cholipiritsa galimoto m'dziko muno chidatsegulidwa mu Novembala 2021. Njira yachidule yochokera ku Lilongwe kupita ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear imapatuka pa Masasa n'kutsika phiri la Khwekhwerere kukafika ku Golomoti. Msewu wa M5 ndi njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima zimadutsanso m'chigwa cha Bwanje.

Izi zikutanthauza kuti malo omwe ndege yolunjika ingamatere ali ndi zotsatira zake pa bomali. Ikamatera ku Lumbadzi, alendo ambiri opita kumwera kwa nyanja ndi ku Liwonde azidutsa m'misewu ya ku Ntcheu. Bwalo lalikulu litamangidwa ku Mangochi, ambiri mwa alendowo sangadutsenso m'bomali, ndipo phindu la Ntcheu lingadalire kugulitsa zakudya ku mahotela ndi kukopa alendo kuti achoke kunyanja kudzaona za kumtunda.

Bomali lili ndi zinthu ziwiri zogulitsa. Choyamba ndi mbewu zamasamba. Madera a Lizulu ndi Tsangano ndi odziwika ndi mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi karoti. Kutumiza ndiwo zamasamba ku Ulaya pandege, monga amachitira alimi a ku Kenya, kumafuna zipinda zoziziritsira, ziphaso zotsimikiza kuti mbewu zilibe tizilombo, ndi kulemba mankhwala onse omwe athiridwa m'munda. Msika wapafupi ndi wa mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima, omwe amafuna katundu wosankhidwa bwino, wofika tsiku lomwe adagwirizana, komanso wogulitsa wokhala ndi malisiti ndi akaunti ya kubanki. Alimi omwe ali m'makopaletivi olembetsedwa ndiwo angakwanitse zimenezi.

Chachiwiri ndi chikhalidwe. Ntcheu ndi likulu la Angoni a kwa Maseko pansi pa Inkosi ya Makhosi Gomani, ndipo mwambo wa Umhlangano umachitikira ku Nkolimbo chaka ndi chaka. Mbiri ya Gomani Chikuse, yemwe adaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndi gawo la mbiri ya dziko lonse. Pafupi ndi malire a bomali, m'boma la Dedza, pali malo a zachikhalidwe a KuNgoni ku Mua ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zomwe UNESCO idazivomereza mu 2006. Malo amenewa akhoza kulumikizidwa kukhala njira imodzi ya alendo ochokera ku Lilongwe kupita kunyanja.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapereka kwa makhonsolo udindo wokonza mapulani a chitukuko cha m'maboma mwawo, woyendetsa misika ndi wopereka ziphaso za malonda. Pansi pa udindowu pali ntchito zomwe sizikudikira ndege: zimbudzi zaukhondo ndi madzi pamisika ya m'mbali mwa msewu, malo oimikapo mabasi motetezeka, zikwangwani zolozera ku malo a mbiri, kuyendera nyumba zogona alendo ndi malo odyera, komanso kukonzekeretsa chipatala cha boma ndi apolisi a pamsewu pa ngozi. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo kuchuluka kwa magalimoto kumabwera pamodzi ndi ngozi, zinyalala ndi kukwera mtengo kwa malo, zomwe khonsolo iyenera kuziganizira m'mapulani ake.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amatchula ntchito zokopa alendo ngati imodzi mwa njira zobweretsera chuma. Mliri wa Covid-19, womwe udaimitsa maulendo a ndege a pakati pa dziko lino ndi maiko ena kuyambira mu Epulo mpaka pa 1 Seputembala 2020, udaonetsa kuti malonda odalira alendo akunja okha amatha kuima mwadzidzidzi. Ntchito zomwe khonsolo ya Ntcheu ingagwire pamisika, pamisewu ndi pakati pa alimi zili ndi ubwino wakuti zimathandizanso Amalawi ndi anthu a m'maiko oyandikana nafe omwe akudutsa kale pa M1 tsiku ndi tsiku.

Mafunso ofunsa pakabwera ganizo la ulendo watsopano

Wogwira ntchito m'boma yemwe walandira chikalata chofuna kutsegula ulendo wotere ayenera kupeza mayankho a mafunso angapo. Kodi pali mgwirizano wa maulendo a ndege ndi dziko lomwe ndegeyo ichokere, ndipo ukuloleza bwalo lomwe latchulidwa? Kodi kampaniyo ili ndi ndege yoyenera mtundawo ndi nthawi yotera pabwalo la kwawo? Ndani walonjeza kugula mipando, ingati, ndipo kwa nyengo zingati? Ngati kampaniyo ikupempha kuchotseredwa misonkho ya pabwalo kapena kuti boma lilipire mipando yotsala, ndalamazo zichokera mu gawo liti la bajeti, ndipo thandizolo lidzatha liti? Nanga alendowo akatsika adzayenda pamsewu uti, adzagona kuti, ndipo chakudya chawo chidzagulidwa kwa yani?

Mafunso oyambirirawo ndi a maunduna a ku Capital Hill ndi mabungwe oyang'anira za ndege. Lomalizalo likukhudza mabwanamkubwa, makhansala, mafumu ndi alangizi a zaulimi a m'maboma monga Ntcheu, Dedza, Balaka ndi Mangochi, ndipo yankho lake liyenera kupezeka m'mapulani a chitukuko a mabomawa ndege isadafike.